Zigoli za ku Ulongwe sizikwera basi

Mnyamata wa zaka 17 akamwetsa zigoli zitatu pa bwalo la fumbi ku Ulongwe kapena ku Tsangano, anzake amamunyamula m'mwamba, ndipo madzulo ake pamsika nkhani imangokhala imodzi: ameneyu ndi wa Moçambola basi, ligi yaikulu ya mpira ya ku Mozambique. Koma akatsika basi ku Tete kukayesedwa, Mister, mphunzitsi wa timu, safunsa za zigoli zija. Amayamba wafunsa BI, chitupa cha unzika.

Ambiri amagwera pomwepa, mpira asanaukhudze n'komwe. Timu singalembetse wosewera popanda chikalata chosonyeza dzina ndi tsiku lobadwa, ndipo zolembedwa pa cédula (chikalata cha kubadwa), pa BI ndi za kusukulu ziyenera kufanana chilembo ndi chilembo. Kuno kumalire vutoli n'losasowa: mwana anabadwira ku Dómuè, pulayimale anaphunzira ku Dedza, uku analembedwa dzina la bambo ake, uko la amalume. Makolo, pitani ku Registo Civil mwana akadali ndi zaka 14. Za kudula zaka musayerekeze. Pa mipikisano ya osakwana zaka 17, bungwe la mpira mu Africa la CAF limajambula mafupa a padzanja ndi makina a MRI pofufuza zaka, ndipo wogwidwa amachita manyazi pamaso pa dziko lonse.

Poti Lilongwe tili naye pafupi kuposa Maputo, anyamata ambiri amaganiza zoolokera ku Malawi. M'mabuku a FIFA kumeneko n'kusamuka dziko, ndipo lamulo sililola wosakwana zaka 18. Mpata ulipo waung'ono: ngati kwawo kwa mwana kuli pasanathe makilomita 50 kuchokera pamalire, timu nayonso ili pasanathe makilomita 50 tsidya linalo, mwanayo azigonabe kwawo, ndipo mabungwe a mpira a mayiko onse awiri avomereze. Kwa a kufupi ndi malire a pa Calómuè zingatheke. Kungosewera mobisa ndi dzina la msuweni kumadzavuta tsiku limene timu yaikulu idzafune mbiri yake.

Mapepala akatheka, limamulandira ndi dzuwa la Tete. Mwana wakulira kumapiri kozizira, kumene m'mawa wa Juni mpweya umatuluka utsi m'kamwa, akupezeka m'chigwa cha Zambezi momwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Thupi limafuna masiku 10 mpaka 14 kuti lizolowere, choncho kufika Lachisanu kuti ayesedwe Loweruka n'kudziwombera kuphazi ndi nsapato yako yomwe. Adziyeze pa sikelo asanayambe maseŵera olimbitsa thupi, adziyezenso pomaliza. Kilogalamu imodzi ikachoka, amwe madzi okwana lita imodzi ndi theka pang'onopang'ono mpaka madzulo. Mkodzo ukakhala wofiirira ndiye kuti madzi achepa. Nsima, mpunga kapena mbatatesi adye kutatsala maola atatu kapena anayi mpira usanayambe. Neti ya udzudzu asaiwale. Malungo amadya mphamvu za milungu ingapo, ndipo malo ako m'timu sakudikira.

Tsopano za m'bwalo, zimene ndi mwini nkhani.

Kumudzi womwetsa zigoli amaima kutsogolo kudikira mpira kuphazi, akaulandira adyetse njomba anthu atatu, anthu akuwe. Mu ligi, wotchinga kumbuyo ndi bambo wa zaka 29, wa ana ake, amene wakhala akuchita ntchitoyi zaka khumi. Ukaulandira utamupatsa msana, usanatembenuke wakugunda kale ndi bondo. Pa mphindi 90, nthawi imene mpira umakhala kuphazi kwa wosewera mmodzi, ukaiphatikiza yonse, ndi mphindi imodzi kapena ziwiri. Mister amayang'ana zimene mnyamata akuchita pa mphindi zotsalazo.

Aziima kuseri kwa phewa la wotchinga, pomwe mkuluyo sangaone mpira ndi munthu nthawi imodzi. Mayendedwe akhale awiri: koyamba abwerere mapazi awiri ngati akufuna mpira kuphazi, wotchinga akamutsata, atembenuke n'kuthamangira kumbuyo kwake. Nthawi yonyamukira ndi pamene mnzake wapakati wadzutsa mutu. Akafulumira, mbendera ikwera. Akachedwa, mpata watsekeka. Anyamata othamanga kwambiri ndi amene amagwidwa ofusayidi kawirikawiri, chifukwa amathamanga molunjika ngati njanji ya ku Moatize. Mankhwala ake n'kuthamanga mopingasa, motsatira mzere wa otchinga, kenako n'kukhotera kugolo mpira ukangochoka kuphazi kwa mnzake. Lamulo alidziwe bwino: kukhala mzere umodzi ndi wotchinga womaliza si ofusayidi, manja sawerengedwa, ndipo pa mpira woponya ndi manja, wa pakona kapena woyambira pagolo palibe ofusayidi.

Mpira usanafike, acheuke kamodzi aone amene ali kumbuyo. Aulandire atatembenuka chammbali, ndi phazi lakutali ndi kumene ukuchokera, kuti kukhudza koyamba kumutsegulire njira. Pafumbi mpira umadumphadumpha ndipo mwana amazolowera kuuponda kaye. Pa udzu wothiriridwa umathamanga chapansipansi, ndipo kuuponda kumangopatsa wotchinga nthawi.

Golo ndi lalikulu mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 m'mwamba, koma mipira ya anyamata athu imakathera m'chimanga. Chifukwa chake n'chodziwika: phazi loponda limatsalira kumbuyo kwa mpira, thupi n'kupendekera chagada. Phazilo liziponda pambali pa mpira, bondo pamwamba pake, mutu pansi. Amenye chapansi, cha ku mtengo wakutali, chifukwa goloboyi akauphula umagwera pakati pomwe mnzake angaumalize. Iyenso mnzake akamenya, asaime kuonerera, athamangire kwa goloboyi. Zigoli zotolera choncho sizikoma pa Facebook, koma pa tebulo la ligi zimawerengedwa chimodzimodzi. Anzake akamapita kokasamba, atsale amenye mipira 20, khumi phazi lililonse, mongokhudza kamodzi. Isapitirire pamenepo: kumenya mipira 100 ndi miyendo yotopa kumabweretsa ululu wa m'mphechepeche, ndipo umenewo suchoka msanga. Phazi lamanzere limaphunzitsidwa ndi khoma la nyumba, pa mtunda wa mamita asanu, tsiku ndi tsiku.

Akakondedwa, pabwera kontrakiti, ya m'Chipwitikizi. Imeneyi awerenge munthu wina wapadera, osati amene wabweretsa pepalalo. Aone malipiro a pamwezi ndi mametikali angati, nyumba ndi chakudya alipira ndani, akavulala chipatala ndi cha ndani, ndipo kope limodzi losainidwa apite nalo kwawo. Wosakwana zaka 18 sangasaine ya zaka zopitirira zitatu. Wamkulu malire ake ndi zisanu. Malamulo a FIFA amati timu ikalephera kulipira miyezi iwiri, wosewera alembe kalata yoipatsa masiku osachepera 15, ndipo ikapanda kulipira angathe kuchoka. Kudandaula pakamwa sikuwerengedwa. Ejenti amene akuyamba n'kupempha ndalama za viza ya ku Portugal, mufunseni laisensi yake ya FIFA, muone momwe foni izimire.

Inu a matimu ang'onoang'ono, lembetsani ana anu. Wosewera akagulitsidwa kunja kontrakiti isanathe, 5 peresenti ya mtengowo imagawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Timu yosalembetsa siona kanthu.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, inde, koma dziwe lake lisankhidwe. Luís Miquissone anadziwika ali ku União Desportiva do Songo, timu ya chigawo chathu imene inatenga Moçambola mu 2017, 2018 ndi 2022. Mamelodi Sundowns ya ku South Africa itamutenga, inamubwereketsa ku matimu ena. Dzina lake linadzakula ku Simba ya ku Tanzania, kumene anapita mu 2020 n'kumasewera sabata ndi sabata. Mu Febuluwale 2021 anamwetsa Al Ahly ya ku Egypt chigoli ku Dar es Salaam, ndipo chaka chomwecho Al Ahly inamugula. Kwa ine, mnyamata wa zaka 19 amene wapatsidwa benchi ku timu yotchuka ndi malo oyamba ku Chingale ya ku Tete kapena ku timu ya ligi ya chigawo, atenge malo oyambawo. Asanasaine afunse Mister maso ndi maso: pa nambala 9 muli nawo angati, ndipo ine ndine wachingati?