Mmene ndimapezera ya sopo poyankha mafunso a kafukufuku pa foni

Ine ndimameta anthu pa Kamuzu Road ku Salima kuno, kashopu kanga ndi kachipinda kamodzi, mpando, galasi ndi mawaya ochajira mafoni a anthu pakona apo. Magetsi akathima ntchito imaima, umangokhala pa benchi kumawerenga a kabaza akudutsa, ndiye ndi nthawi imeneyoyo imene ndinayambira zoyankha ma survey pa foni. Anzanga amandifunsa kuti aise, zimalipiradi zimenezi? Zimalipira, koma si ndalama yoti ungagulire malata ayi, ndi ya sopo ndi mayunitsi, mwezi ukakhala wabwino mwina ya ndiwo masiku angapo.

Nkhani yake ndi yoti makampani a sopo, mafuta ophikira, zakumwa, mabanki ngakhale mabungwe amafuna kudziwa zomwe ife timagula, timagula kuti, pa mtengo wanji, ndipo bwanji tinasiya chakuti n'kuyamba chakuti. Iwo amalipira kampani ya kafukufuku, kampaniyo ndi imene imakugawirako kachidutswa iwe woyankhawe. Kale ankangotumiza anyamata ndi mapepala khomo ndi khomo, pano zambiri zikudutsira pa foni.

Yanga yoyamba inabwera pa SMS wamba. Ndinkafuna kuidilita chifukwa tonse timawadziwa mauthenga aja akuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, koma iyi sinapemphe ndalama kapena PIN, inangoti ngati ndavomera ndiyankhe 1 ndipo kuyankha kwake sadula mayunitsi. Mafunso analipo ngati khumi, za wayilesi imene ndinamvera dzulo lake ndi nthawi yake. Nditamaliza panalowa mayunitsi a K500. Zochepa inde, koma zinandipatsa njala.

Ndiye ndinalowa pa Play Store kusaka ma app. Apa pafunika Gmail yakoyako yoti pasiwedi ukuikumbukira, ndi malo mu foni, ine ka itel kanga kanali kodzadza mpaka ndinadilita mavidiyo a pa ukwati wa mlamu wanga, mayi akunyumba sanakondwe nazo. Chimene ndikanakonda wina akanandiuza tsiku limenelo ndi ichi: usanayankhe funso ngakhale limodzi, pita kaye pamene alemba za kalipiridwe. Ine ndinatha masabata atatu pa app ina ndikuunjika mapointi, usiku maso ali tong'o pa sikirini, pofika poti nditape n'kupeza kuti amapereka makadi ogulira zinthu m'masitolo a ku America. Ku Salima kuno ndikagula nawo chani? Ngati palibe Airtel Money, Mpamba kapena mayunitsi, ine ndimangoitseka. Onanso mlingo womwe amalola kutapa, ena amauika patali dala moti ufooke usanafike.

China chinandichedwetsa ndi dzina. SIM yanga inalembetsedwa m'dzina la achimwene anga nthawi ija ankalembetsa manambala mu 2018, ndiye dzina la pa app ndi la pa mobile money zimasiyana, malipiro oyamba anabwerera. Ndinachita kunyamula chiphaso changa cha unzika n'kukalembetsa nambala ina m'dzina langa, kenako zinayenda.

Ukalembetsa amakufunsa za iwe mwini, zaka, boma lomwe ukukhala, sukulu unalekezera pati, pakhomo mulipo angati, amagula zapakhomo ndani. Apa ndi pamene ndinadzipweteka ndekha. Mnzanga wina anandinamiza kuti ukalemba kuti ndiwe wolemera ma survey amabwera ambiri, ine osaganiza n'kulemba kuti ndili ndi galimoto, firiji, ndipo ndimalandira pamwezi ku ofesi. Anabweradi, koma mafunso ake anali oti mumathira oyilo wanji mu injini, inshuwalansi munadula kuti, matayala munasintha liti. Munthu wa njinga yakapalasa ndiyankhe chani pamenepo? Ndinkangodina zilizonse. Patapita masiku anandifunsanso ngati ndili ndi galimoto, ine nditaiwala bodza langa ndinati ayi, mawa lake akaunti yatsekedwa ndi timapointi tonse momwemo. Anthuwa amafunsa chinthu chimodzi kawiri mosiyana kuti aone ngati ukunena zoona, chaka chobadwa lero, zaka zako mawa. Pena pakati pa mafunso amangoponyapo lakuti pa funso ili sankhani yankho lachitatu, kufuna kuona ngati ukuwerenga. Ukathamanga kwambiri nazonso amaona, survey ya mphindi khumi iwe n'kumaliza mu ziwiri sakulipira.

Chowawa china ndi kuchotsedwa pakati. Umayankha mafunso asanu, asanu ndi limodzi, kenako akuti pepani simukuyenera pa kafukufukuyu. Poyamba ndinkatukwana, kenako ndinamva mmene zimayendera: mafunso oyambawo ndi sefa chabe, amakhala akufuna anthu a mtundu winawake, mwina amayi a ana aang'ono kapena anthu omwa chakumwa chakuti, ndipo gulu lililonse lili ndi chiwerengero chake, likakwana chitseko chatsekeka. Amuna a zaka zanga okhala ndi foni ya intaneti ndife ambiri, malo athu amadzadza msanga. N'chifukwa chake notifikeshoni ikalira ndimatsegula pompo ngati pampando palibe munthu. Ndili ndi kasitomala sindigwira foni, ndinaphunzira nditamudula mdala wina pakhutu pang'ono.

Komwe ine ndinaona kuti kuli kanthu ndi ntchito zotuma kumsika. App imakuuza kuti pita pa golosale yapafupi, jambula shelefu ya mafuta ophikira kapena shuga, lemba mtengo wa botolo la 2 litre, GPS ikhale yoyatsa kuti adziwe kuti unafikadi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo inkasintha ngati nyengo ya panyanja, wagula lero mawa wina, ndipo ine nthawi imeneyo ntchito za mitengo zinkandipeza pafupipafupi. Vuto lake si foni, ndi eni mashopu. Tsiku loyamba ndinangolowa mu golosale ina ya mumsika n'kuyamba kujambula, mayi mwini golosaleyo anatuluka kuseri kwa kauntala chitenje chili m'manja.

"Achimwene, mukujambula chani? Mwatumidwa ndi a msonkho?"

"Ayi mayi, pepani, ndi za kafukufuku wa mitengo chabe, nkhope yanu kapena dzina la shopu sizituluka."

"Kafukufuku wa ndani? Mawa mundibweretsere anthu kuti ndakweza shuga?"

Ndinachita kuwaonetsa pa sikirini, n'kugulanso kasopo kamodzi kuti mtima ukhale pansi. Anandilola koma akundiyang'ana m'mbali. Kuchokera pamenepo ndimayamba ndi moni, kufotokoza, kupempha, akakana ndimathokoza n'kupita pena. Mayi amenewo pano ndi amene amandiitana okha, amvekere bwerani mudzajambule mafuta akweranso, ndipo mwana wawo ndimamumeta ine.

Chithunzi chikhale chooneka bwino, dzina la katundu ndi kukula kwake ziziwerengeka, apo ayi amachikana ndipo wayenda ulele. M'magolosale mwathumu mumakhala mdima, ndiye ndimapempha kutengera botolo pakhomo pomwe pali kuwala. Pukutanso kamera, yanga imakhala ndi tsitsi ndi mafuta a mashini. Mwezi wa October dzuwa la Salima mukulidziwa, foni imatentha GPS ili yoyatsa mpaka app kuzima yokha, choncho ndimayenda mmawa isanakwane 9 koloko, makasitomala asanayambe kubwera. Zithunzi zimadya bandulo koopsa, ngati app ikulola kusunga kaye ndimadzatumiza usiku.

Ndalama yooneka ndinaipeza kawiri kokha, ndipo konse sikunali kodinadina. Koyamba anandiimbira mayi wina wa kampani ya kafukufuku ya ku Lilongwe, nambala yanga anaipeza chifukwa pa survey ina ndinavomera kuti akhoza kudzandiimbira. Anayamba ndi kundiwerengera zoti kuyankha n'kosakakamiza, ndikhoza kusiya nthawi iliyonse, dzina langa silidzatuluka mu lipoti, n'kupempha ngati angajambule mawu. Tinacheza mphindi ngati 40 za mmene ndimalandirira ndalama ku shopu, kashi kapena pa foni, ndipo sabata yomweyo K10,000 inalowa. Kachiwiri kanali ka masiku 7, kulemba zomwe taphika tsiku lililonse ndi chomwe taphikira, makala, nkhuni kapena magetsi, ndi chithunzi cha mbaula. Imeneyi inagwera mayi akunyumba chifukwa ine kukhitchini ndimangodziwa kudya. Tsiku lachitatu anandiyang'ana ndikujambula poto wa usipa n'kunena kuti "Bambo a Chisomo, wophika ndine, wojambulidwa mbaula ndine, ndiye ndalamayo ilowa mu foni ya ndani?" Tinagawana pakati, K20,000 inakhala K10,000, sindinatsutse.

Za akuba ndinene ngakhale zimandichititsa manyazi. Ndinalowetsedwa mu gulu lina la pa WhatsApp lodzadza ndi ma screenshot a anthu oti alandira ma K80,000 pa sabata poyankha mafunso, kulowa kwake K5,000 yolembetsera. Ndinatumiza. Anandipatsa linki yosatsegula, kenako akuti onjezerani ina kuti akaunti itseguke, nditafunsa mafunso anandichotsa mu gulu. Wa kafukufuku weniweni ndi amene amakulipira iwe, sakupempha kanthu, safuna PIN yako ya mobile money kapena kanambala kaja kamabwera pa SMS kotsimikizira. Akafuna chithunzi cha chiphaso chako pa ka survey ka mayunitsi, ine ndimasiya. Enanso amalimbikitsa VPN kuti uzioneka ngati uli ku America komwe amalipira madola, mnzanga amene anandinamiza za galimoto uja anayesa, mapointi anaunjikadi koma pofuna kutapa anamufunsa nambala ya foni ya komweko, zonse zinathera pomwepo.

Pano ndili ndi kakope komwe ndimalemba ngongole za makasitomala, kumapeto kwake ndinagawa mizere iwiri, zolowa ndi za bandulo. Mwezi woyamba nditawerengera ndinapeza kuti bandulo yadya kuposa zomwe ndapeza, ndinaseka ndekha mu shopu. Nditasiya ma app aja ongondichotsa pakati n'kutsala ndi awiri, mwezi wamba ndimatsala ndi K8,000 kapena K12,000, pena mwezi umatha zii osalira kanthu. Sinditapa kwa ejenti ikangolowa chifukwa chodula chake pa ndalama yochepa chimapweteka, ndimangoisiya mu foni n'kugulira mayunitsi a magetsi a ku shopu.

Dzulo kwabwera ina yoti ndikajambule mitengo ya zakumwa mu shopu ina ku Senga Bay, malipiro ake K1,500. Kuchoka pano kukafika kumeneko ndi pafupifupi makilomita 20, thiransipoti yopita ndi kubwera ikuposa ndalamayo, ndiye ndaisiya kaye. Loweruka mayi akunyumba akufuna ndikawagulire usipa kunyanja komweko, ikakhala kuti wina sanaitenge ndidzajambula podutsa.