Za vidiyo ya ine ndi seal ija, mumve kaye mbali yanga

Poti vidiyo ija mwaizunguza mpaka yafika kwa apongozi anga ku Nkhotakota, bola ndifotokoze ndekha, chifukwa amene anajambula uja anayambira pakati. Eya, ndinapepesa kwa seal, chinyama cha m'nyanja ya mchere chija. Sindikukana. Koma munthu sungangodzuka n'kuyamba kupepesa nyama amwene, pali zimene zinachitika.

Abwana amene ndimawasamalira galadeni kuno ku Hout Bay, ku Cape Town, anachita hayala boti yokawedza nsomba yotchedwa snoek, ndiye mnzawo wina anadwala, malo n'kutsala olipira kale. Akuti kodi unakwerapo boti? Kufunsa ine zimenezo? Mwana wa kunyanja, woti ndinagwira nkhafi ndisanagwire pensulo, woti ndinakwera Ilala mwera uli pachimake kupita ku Likoma anthu akuitana mayina a makolo awo ine ndikukukuta chinangwa. Ndinawauza zonsezi, mwina ndinathirako kamchere pang'ono. Atandipatsa mapilisi oletsa chizungulire ndinawabwezera ndi manja awiri, mwaulemu, ndati awa musungire ana. M'mawa mwake ndinamenya mkute ndi nyemba za dzulo kuti ndikhale ndi mphamvu. Mfundo imeneyi muisunge.

Tinanyamuka 6 koloko, mu Julaye, kunja kuli bii, paja kuno nthawi yozizira dzuwa limatuluka cha m'ma 8 ngati bwana wamkulu. Kuzizira kwake sikwa ku Dedza kuja mumadandaula nako. Madzi a mbali ino ndi a mtsinje wozizira wa m'nyanja wotchedwa Benguela, madigiri 12 kapena 13, akakuthovukira kumaso umamva ngati wina wakuponyera misomali. Ine majekete awiri, chipewa, sokosi zitatu. Sikipa akuti lero kwacha bwino, mphepo ya kumpoto chakumadzulo imene inatigwetsera mvula sabata yonse yaleka. Chimene sananene mkuluyu n'choti mphepo ikaleka mafunde ake saleka, amabwerabe kuchokera kutali kum'mwera uko kumene kulibe ndi mudzi womwe.

Ndiye pano ndiyankhulepo ngati katswiri. Mwera ndi wachilungamo. Umakumenya mbama pha pha pha iwe ukuona, mumathana ngati amuna. Izi ayi. Tangodutsa phiri la Sentinel lija, kunayamba kubwera zitunda za madzi, zosalala, zopanda phokoso, chimakunyamula pang'onopang'ono mpaka uone Chapman's Peak yonse ndi magalimoto ake, kenako chimangokusiya, iwe n'kutsika koma m'mimba n'kutsala kumwamba komweko. Kachitatu kokha nyemba zinayamba kuitanitsa msonkhano.

Nsomba zinalipo, zimenezo sindinganame. Snoek nyengo yozizira imayandikira kumtunda, ndipo ikabwera imabwera ngati angongole, onse tsiku limodzi. Chingwe cha pamanja ngati kwathu konkuja, nyambo yake pilchard, ukangoponya yagwira. Anyamata a m'boti amaikoka, kuipana m'khwapa, khosi thyoo, kuponya uko, sekondi zisanu. Anatichenjeza kuti chala chisayandikire kukamwa chifukwa mano ake ndi malezala ndipo ikakuluma magazi sasiya msanga. Lamulo lake munthu mmodzi nsomba 10 pa tsiku, yosakwana masentimita 60 ibwerere kwa amayi ake. Agogo ena achizungu, a zaka zoti kwathu akanakhala akuwothera dzuwa pakhonde, anakwanitsa 10 yawo n'kukhala pansi kumadya sangweji ya mazira. Pafupi ndi ine. Ya mazira amwene.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditagwada, chibwano chili pamphepete pa boti, koma chingwe sindinachitaye, zimenezi vidiyo sikuonetsa. Ndipo chinagwira. Chinthu chinakoka ngati kampango amene wamva kuti ali ndi mlandu, ine n'kuyamba kukoka chogwada chomwecho, ndikuiona ikubwera, yaitali, yonyezimira ngati chikwanje chatsopano, mtima uli eya, aone mwana wa kunyanja. Itangofika pafupi, msonkhano wa nyemba uja unagamula. Ndinaweramira kumadzi kukamwa kuli yasa, ndipo pomwepo, pomwe ndinalozetsa pakamwa penipenipo, panavuuka mutu.

Amene simunaionepo seal pafupi, ganizani katumbu amene wapeza ntchito ya maalawansi. Chonenepa, chosalala, ndevu ngati za ahedi akale, maso akuluakulu onyowa ngati chikufuna kukubwereka ndalama. M'kamwa mwake muli snoek yanga chopingasa. Pamutu pake pali mkute wanga. Tinayang'anana. Anthu akuti zinali sekondi zitatu koma ine ndikuti tinakhala pamenepo mpaka ndinayamba kuzolowera nkhope yake. Nyemba imodzi, yathunthu, yosatafunidwa, inakodwa pa ndevu ya kumanzere n'kumalendewera, boti ikakwera nyemba ikutsika, boti ikatsika nyemba ikukwera, ndipo tonse awiri tinkaiyang'ana nyembayo. Chinapuma fuu, fungo lake ngati msika wa usipa nthawi ya dzinja. Sichinakwiye, n'chimene chinandipweteka. Chinangondiyang'ana ngati mmene amakuyang'anira amalume ukabwera kumaliro utaledzera.

Ndiye inu mukanatani? Ine ndinaleredwa. Ndinati pepani achimwene.

Achimwenewo anangopukusa mutu kamodzi, snoek n'kuduka, iwo ulendo ndi thupi lonse kulowera ku Duiker Island kumene amakhala ndi abale awo mazanamazana, ine n'kutsala ndi mutu pa mbedza. Sikipa anaseka mpaka anakhala pansi. Akuti zimachitika, ma seal amatsatira maboti dala kuti azilanda nsomba pa chingwe, koma woipatsa ndiwo ndi nsima yomwe anali asanamuonepo.

Titafika padoko nthaka inkayendabe, koma nzeru zinabwerera. Sindikanalowa m'nyumba ndi mutu wokha nditalonjeza madamu kuti tiitane anthu. Ndinagula snoek imodzi kwa ogulitsa pompo, ndalama ya thiransipoti ya sabata yonse, n'kukaiponya patebulo ngati munthu wotopa ndi ntchito. Madamu anaitembenuza, anaiyang'ana, akuti abambo, nsomba mwagwira nokhayi bwanji ili yothira kale mchere? Ndati mayi, nyanja yake ndi yamchere imeneyi, si ya kwathu. Akuti oho. Nanga yong'amba kale bwinobwino chonchi, mpeninso uli m'nyanja momwemo?

Kenako foni yawo inalira, inali vidiyo ija.

Mutu uja ukadali mu firiji, amene akufuna abwere adzauyeze, muona nokha kuti inali nsomba yaikulu kuposa za agogo aja. Ndipo amene mwandisintha dzina pa gulupu kukhala Achimwene a Seal, ndikukudziwani, nambala yanu imathera 4.