Ganyu ya ku Gerotek: ndowa ziwiri, nsanza ndi geji ya matayala

Ine ndimatsuka magalimoto ku Midrand, pakati pa Joni ndi Pretoria. Kumudzi akamva choncho amangoti "oho, car wash", ndipo sindikana, kungoti yathuyi ndi ija galimoto imodzi umatha kukhala nayo kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa, kupolisha penti mpaka uziona ndevu zako pa chitseko. Nde mu Novembala 2023 bwana wanga anandiitanira mu ofesi nkundiuza kuti Lolemba ndi Lachiwiri ndisabwere ku shopu, kuli anthu a magazini ina ya magalimoto akufuna munthu wa manja abwino pa mayeso awo a magalimoto othamanga. Ine kungomva "othamanga" mutu unali utapita kale, ndinadziona ndili pa chiwongolero cha BMW ndikudya makona. Bwana anangondiyang'ana nkuti utenge ndowa ziwiri, nsanza zoyera zokhazokha, ndi geji ya matayala. Kkkk maloto anathera pompo.

Malo ake ndi Gerotek, kumadzulo kwa Pretoria ukamalowera cha ku Hartbeespoort. Si bwalo la mpikisano ngati Kyalami ayi. Kyalami ndi kuja kunkachitikira Formula 1, komaliza mu 1993 pomwe anawina Alain Prost, ndipo kuli pafupi ndi kuntchito kwathu moti masiku ena mainjini timawamva tili ndi paipi mmanja. Gerotek ndi ya Armscor, kampani ya boma yoona za zida za asilikali, anaimangira kuyeserako magalimoto a asilikali, nde mkatimo muli msewu wozungulira ngati dzira wa makilomita 3 wopendekeka mmakona, muli msewu wowongoka, malo othira madzi kuti galimoto iziterereka dala, ndi zitunda zina zoti ukaziona umati apa sipangakwere chinthu cha matayala. Tinafika 5 koloko kukadali chisisira, pa geti kusaina mapepala aja oti ukavulala ndi zako, ine ndikuyasamula ndikudandaula chamumtima kuti kulawira konseku ngati tikupita kukapalira bwanji.

Amene anandiyankha, ngakhale sindinafunse mokweza, anali mayi wina wamfupi, wosalankhula zambiri, ndiye anali mkulu wa zoyesazo. Ine ndinkangoti madam, iwo ankanditcha chief. Anati injini simamwa petulo yekha, imapumanso, ndipo mpweya wa mmawa wozizira ndi wothithikana, umakhala ndi okosijeni wambiri kuposa wa masana. Kuwonjezera apo kuno ndi kumtunda, Pretoria ili pa mamita cha mma 1,300 kuchokera pa nyanja, Joni ndiye kupitirira 1,700, mpweya wake ndi wopyapyala. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 1% pa mamita 100 aliwonse okwera. Ndinakumbuka minibasi zija zimabanika zikamakwera ku Dedza, ife nkumanyoza dalaivala kuti sadziwa magiya, kani mwina gawo lina ndi mpweya eti. Ya turbo siimva kwambiri chifukwa turbo imakankhira mpweya mkati mwa injini mokakamiza.

Magalimoto analipo angapo koma amene ndinawagwira kwambiri ndi asanu. BMW M2 yatsopano ija ya masilinda 6 ndi mphamvu ya injini ya 338 kW, Honda Civic Type R yoyera ya 235 kW yokoka ndi matayala akutsogolo okha, Golf R yomwenso ndi 235 kW koma yokoka ndi onse anayi, Toyota GR Yaris kagalimoto kakang'ono ka masilinda atatu basi koma 198 kW, kenako Toyota GR86 ya 174 kW, yokhayo yopanda turbo pagulupo. Muwerengere nokha, pa Pretoria iyoyo inali itasiya kale ma kW opitirira 20 kunyanja isanalize nkomwe.

Ntchito yanga yoyamba inali matayala, ndipo ndinkaiona ngati yachabechabe mpaka nditaona momwe madam ankaitengera. Galimoto iliyonse ili ndi kapepala pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala konena ma bar a mpweya oyenera mmatayala, nde umayeza tayala likadali lozizira, onse anayi, nkulemba mkabuku. Likathamanga limatentha mpweya nkukwera, ukayeza nthawi imeneyo geji ikunamiza. Ndinalemba 2.4 pena pomwe geji inali pakati pa 2.3 ndi 2.4, anandibweza. Chief, yezanso. Thanki iliyonse fulu, petulo wa 95 osati 93 yemwe ambiri kumtunda kuno timathira posunga ma rand, ndipo mgalimoto musatsale chikwama cha munthu kapena botolo la madzi.

Nambala ija mumaiwerenga mmagazini, 0 mpaka 100 masekondi akuti, siichokera pa sipidomita ya galimoto. Sipidomita imawonjezera pang'ono, ikamati 100 nthawi zambiri umakhala usanafike. Amagwiritsa kabokosi kotchedwa VBOX, ka kampani ya Racelogic ya ku England, kamayendera GPS, kanyanga kake kamamatidwa padenga ndi maginito. Pa GR Yaris maginito anakana, ndinayesa katatu kakungoterereka, mpaka makaniko wa gululo, mdala wina wa imvi wa ku Mamelodi, anaseka nkuti mfana denga limenelo ndi carbon si chitsulo. Zitseko ndi boneti zake ndi aluminiyamu, nazonso maginito sagwira. Tinamata ndi tepi, ndipo amene anachotsa zomata za tepiyo madzulo osakanda denga mukumudziwa.

Kuyesa kwake nkotopetsa anthu inu, musanamizidwe ndi mavidiyo. Galimoto imanyamuka, kufika 100 ndi kupitirira, kutembenuka, kunyamukanso kulowera komwe yachokera, chifukwa mphepo kapena kutsetsereka pang'ono kwa msewu kumatha kuithandiza mbali imodzi, nde amaphatikiza mbali zonse ziwiri nkutenga pakati. Kenako kubwerezanso. M2 ndi Golf R ndi za otomatiki zokhala ndi launch control, phazi lamanzere pa buleki, lamanja kuponda mafuta mpaka pansi, injini nkuima pa marevu ake ikubangula, kusiya buleki, yapita. Izo sizinavute. Yovuta inali Type R, giya ya manja komanso mphamvu yonse ija ikupita ku matayala awiri akutsogolo omwe galimoto ikamanyamuka amapepukidwa, ukathira moto wambiri amangopala utsi, ukachepetsa injini imagona. Madam anayesa kaya kangati, fungo la kilachi linafika mpaka pomwe ndinaima. A BMW nthawi imeneyo ankati M2 ya otomatiki imafika 100 pa masekondi 4.1, ine ndinayesa kuwerenga pakamwa, wani, thuu, ndisanati folo inali kadontho.

Pomwe ndinatsala pang'ono kuchita ngozi ya chaka ndi pa mabuleki. Amathamangitsa galimoto mpaka 100 nkuponda buleki ndi mphamvu zonse mpaka kuima, kakhumi motsatizana, kuti aone ngati mabuleki akufooka akatentha. Golf R itamaliza inabwera kudzaima pafupi ndi ndowa zanga, marimu akuda bii ndi fumbi la mabuleki, wojambula uku akukuwa kuti akuifuna yoyera pa mphindi khumi. Ine mwachizolowezi ndinanyamula pampu yanga ya madzi nkuloza pa rimu. Mdala uja sindikudziwa anachokera kuti, ndinangomva dzanja langa lagwidwa gwaa. Sanakalipe. Anatenga chikhato changa nkuchiyandikitsa pa rimu osakhudzitsa, aise, kutentha kwake ngati mbaula ya pa chiwaya, ndipo pamene tinakhala chete ndinamva chitsulo chikulira ti, ti, ti, chikuzizira chokha. Anati ukathira madzi ozizira pa disiki yotentha chonchi imatha kupindika kapena kuchita ming'alu, galimoto ya eni iyi, tabwereka. Ndipo usayerekeze kukoka handibuleki, mapadi amamatirira pa disiki nkusiya chidindo, buleki nkumadzanjenjemera. Timaika chipika kutayala basi. Zaka zonsezi ndikutsuka magalimoto a anthu omwe angotsika kumene pa msewu waukulu wa N1 palibe anandiuzapo zimenezi, ndipo ndinayamba kuwerenga mumtima ma disiki omwe mwina ndinawapweteka osadziwa.

Zithunzi ndiye zinadya nthawi kuposa kuthamanga konse. Wojambulayo anali munthu wovuta mwa mtundu wake, koma ndinamumvetsa chifukwa nanenso pa penti ndine wovuta. Chizindikiro cha pakati pa rimu chiziima chilili osati chozondoka, nde mumakankha galimoto kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, lakutsogolo likakhala bwino lakumbuyo lapendekeka, mpaka kuika jeke nkuzungulitsa tayala ndi manja. Mipando iwiri yakutsogolo ifanane, mawindo onse otseka, tizilombo tomwe tafera pa bampala tichoke timodzitimodzi. Ukamaliza, kamphepo kamodzi fumbi lofiira lija labwereranso.

Koma apa mpomwe mwayi wanga unatulukira. Mnyamata yemwe amayenera kuyendetsa bakkie ya wojambula anatumidwa kukatenga chakudya, wojambula nkufunsa ndani ali ndi laisensi. Zithunzi zija galimoto imaoneka ngati ikuuluka, msewu uli mizeremizere matayala osaoneka masipoko, ambiri timaganiza kuti imakhala pa 200. Bodza. Tinali pa 60. Wojambula amakhala kumbuyo kwa bakkie atamangidwa ndi malamba, kamera ili pafupi ndi phula, amaichedwetsa kutseka kwake kuti zakumbuyo zisokonekere galimoto yokha ioneke bwino, nde chofunika nchoti magalimoto awiriwo aziyenda liwiro limodzi ndendende. Ntchito yanga inali kugwira 60 osakwera osatsika, osagwedeza, osakhudza buleki olo zitavuta bwanji. Ndikayang'ana pa galasi mphuno ya M2 ili pompa, mabowo ake awiri aja ngati ikufuna kununkhiza bampala yanga, pa wailesi ya mmanja akungoti yandikira, yandikiranso, kumanzere pang'ono, gwira pompo. Mwendo wanga wamanja unachita dzanzi, thukuta kumsana chonsecho zenera lili lotsegula. Nditatsika wojambula anangoti phazi lako ndi labwino, mawa uyendetsanso ndiwe. Sindikunama, mawu amenewo ndinawatumiza kwa mayi a kunyumba pa WhatsApp nthawi yomweyo.

Cha mma 3 koloko kumwamba kunada. Amene mwakhalako ku Gauteng nyengo ya dzinja mukudziwa mitambo ija imaunjikana masana, ndipo choopsa si mvula koma matalala, amatha kugwa akuluakulu nkusiya galimoto ili mabowomabowo ngati yasulidwa ndi hamala. Sindinaonepo azungu ndi akuda akuthamanga mofanana chonchija. Makiyi kusokonekera, uyu akufuna a Honda ali ndi a Toyota, madam akuloza shedi, ndipo ine amene ndinauzidwa mmawa kuti magalimotowa ndisakhale nkomwe pampando wa dalaivala ndinangoponyeredwa makiyi a GR86. Ndinaiyendetsa mamita mwina 300, giya wani ndi thuu basi, koma ndinaiyendetsa. Mpando wake uli pansi ngati wakhala pa mphasa. Matalala anagwa ang'onoang'ono ngati nandolo kwa mphindi zochepa nkusiya, ife tili mu shedi tikudya mapayi ozizira.

Tsiku lachiwiri linali la makona, ndipo madzulo ake madam anati chief tenga helemeti. M2. Sindifotokoza zambiri chifukwa theka lake maso anali otseka, chomwe ndikukumbuka si liwiro koma buleki, lamba kundikanikiza pachifuwa mpaka mpweya kuthawa, ndi kuti mayiwo ankalankhula bwinobwino za kutentha kwa matayala akumbuyo ngati tili pa khonde pomwe galimoto ikuyenda chammbali. Anyamata ena omwe ankagwira ntchito pamalopo ankangofunsa za BMW ndi Golf basi, zinazo analibe nazo ntchito, ndipo nzosadabwitsa, kuno BMW ndi chipembedzo kuyambira nthawi ya Gusheshe, 325iS ija amazungulitsa mmalokeshoni, komanso fakitale yawo ya ku Rosslyn yomwe ilipo kuyambira 1973 ili kuseri konkuno kwa Pretoria. Koma ine poti makiyi onse ankadutsa mmanja mwanga ndinaona china. Oyesawo akapatsidwa mpata woti aliyense atenge yomwe akufuna, makiyi oyamba kusowa pa tebulo anali a GR86, yomwe pa VBOX inali yomalizira pafupifupi pa chilichonse. Wina anatsikamo akuseka yekha. Ndinamufunsa mdala uja chifukwa chake, anati M2 kuti uisewere bwino uyenera kufika pa liwiro loti ukalakwitsa ndi maliro, iyi imakuseweretsa ukadali pa liwiro loti ukalakwitsa ungochita manyazi. Ndikanakhala ndi ndalama, zomwe ndilibe, ndikanatenga Yaris, koma zimenezo nzanga.

Magazini inatuluka patapita miyezi iwiri, ndinagula imodzi. Chithunzi chachikulu cha masamba awiri ndi chija cha M2 tinajambula ndili pa 60, ndinachitumiza kwa msuweni wanga wa ku Lilongwe yemwe amayendetsa Sienta ya ganyu. Sanafunse za BMW nkomwe. Anati ndimufufuzire mtengo wa kabokosi ka VBOX kaja akayese Sienta yake pa msewu wa ku Mchinji aone 0 mpaka 100. Ndinamuuza ayambe wagula kaye tayala lakumbuyo lija, mwezi watha pa vidiyo linkaonetsa mawaya.