Mmene shopu yathu ya pa Chitakale inayambira kuika ma streamer m'nyumba za anthu

Shopu yathu ili pa Chitakale, pafupi ndi boma la Mulanje, ndipo kwa zaka zambiri ine ndi mlamu wanga tinkadalira kukonza mawailesi, maamplifaya ndi masipika. Makasitomala athu ndi anthu ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi, eni malo ogona alendo a ku Likhubula amene amalandira okwera phiri, aphunzitsi ndiponso mipingo. Ntchito inayamba kusintha Spotify, pulogalamu yomvera nyimbo pa intaneti, itayamba kupezeka ku Malawi mu February 2021, chifukwa anthu amene anagula maamplifaya abwino m'masiku a makaseti ndi ma CD anayamba kutifunsa ngati zipangizo zawozo zinali zitatha ntchito, popeza nyimbo zawo zonse zinali zitasamukira pa foni. Tinkawauza kuti asazitaye, koma agule kachipangizo kotchedwa streamer, kamene kamakoka nyimbo pa intaneti kudzera pa Wi-Fi n'kuzipereka ku amplifaya pa waya wamba.

Ambiri ankazengereza, ndipo mpake, chifukwa tizipangizo ta Bluetooth timapezeka pamsika pa mtengo wotsika kwambiri. Kusiyana kwake n'koti pa Bluetooth nyimbo imachokera mu foni momwemo, choncho wina akaimba foni nyimbo imaduka, ndipo mwini foni akapita kuseri kwa nyumba masipika amayamba kudukiza. Pa Spotify Connect, njira yoimbira nyimbo za Spotify pa streamer, foni imangolamula, koma streamer ndi imene imatenga nyimbo pa intaneti payokha, moti munthu atha kupita kumsika ndi foni yake nyimbo ikupitirira pabalaza.

Kulumikiza streamer ku Wi-Fi si ntchito yaitali zinthu zikakhala m'malo. Timaiyatsa, kanyale kake n'kuyamba kuphethira posonyeza kuti ikudikira, kenaka timatsegula pulogalamu ya kampani yake pa foni, kusankha dzina la netiweki ya pa nyumbapo ndi kulemba mawu achinsinsi. Kanyale kakasiya kuphethira ndiye kuti yagwira. Lamulo limodzi lokha ndi losaphwanyika, loti pa nthawi yolumikizayi foni ndi streamer zikhale pa netiweki imodzi. Apa ndi pamene anthu ambiri a kuno amagwera, popeza intaneti ya pa nyumba zambiri ndi hotspot ya foni ya mwini nyumba. Foni imodzi ikamagawa intaneti n'kumafunanso kulamula streamer, nthawi zambiri ziwirizi sizionana, ndipo ngakhale zitaonana, mwini foni akachoka nyumba yonse imakhala chete. Tisanagulitse chilichonse timayamba tafunsa ngati pa nyumbapo pali MiFi kapena rauta yolowa SIM khadi ya Airtel kapena TNM, ndipo ngati palibe timalangiza kuti ndalama ziyambire pamenepo.

Chimene chatiphunzitsa zambiri ndi nyumba zakale za m'maesiteti, za makoma ochindikala a njerwa ndi makonde ataliatali. Rauta yamakono imatulutsa mafunde a mitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. A 5 GHz amathamanga kwambiri koma amafooka msanga akakumana ndi khoma, pamene a 2.4 GHz amafika patali ngakhale ndi ochedwerako. Nyimbo sifuna liwiro lalikulu chotero, imangofuna kuti netiweki isaduke, choncho m'nyumba zoterezi timaika streamer pa 2.4 GHz, ndipo ngati pali marauta ena pafupi timasankha tchanelo 1, 6 kapena 11, chifukwa atatuwa salowererana. Pa nyumba ina ya ku Thyolo tinapeza rauta itaikidwa m'kabati ya kukhitchini, kuseri kwa firiji, pafupi ndi mayikulowevu, chipangizo chimene nachonso chimagwira ntchito pa mafunde a pafupi ndi 2.4 GHz. Mayi a pa nyumbapo anatiuza kuti nyimbo inkaduka nthawi iliyonse akamatenthetsa chakudya cha ana, ndipo ankaganiza kuti streamer ndi yachinyengo. Tinangosamutsa rauta n'kuikhomera pakhoma la m'njira yopita kuzipinda, pamwamba pa chitseko, ndipo vuto linathera pomwepo.

Malo ogona alendo ali ndi vuto lawolawo. Netiweki imene amapatsa alendo kawirikawiri imakonzedwa mwadala kuti zipangizo za anthu osiyana zisaonane, zimene n'zabwino pa chitetezo, koma streamer ikaikidwa pa netiweki yotereyi foni ya wogwira ntchito pa bala singaipeze ngakhale zonse zikuonetsa kuti zalumikizidwa. Timaipatsa netiweki ya ogwira ntchito, ndipo kumene kungatheke timakoka waya wa Ethernet kuchokera pa rauta.

Pa nkhani yoyerekeza ma streamer, maganizo anga ndi osiyana ndi a anthu amene amayamba ndi kukoma kwa mawu. Pa masipika amene anthu ambiri ali nawo kuno, kusiyana kwa mawu pakati pa streamer yotchipa ndi yodula n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kusiyana kumene kumabwera chifukwa cha netiweki ndi magetsi. WiiM Mini ndi yaing'ono, yotsika mtengo, ndipo imalandira Spotify Connect ndi AirPlay 2, koma ilibe polowetsa waya wa Ethernet ndipo ilibe Google Cast, njira yotumizira nyimbo ku streamer imene mafoni a Android amagwiritsa ntchito. AirPlay ndi ya zipangizo za Apple, pamene makasitomala athu ambiri ali ndi mafoni a Android monga Tecno, Itel ndi Samsung, choncho amene timawalangiza WiiM Mini ndi okhawo odalira Spotify, a nyumba yaing'ono imene rauta ili pafupi. WiiM Pro ili ndi zonse ziwiri zimene zikusowa pa Mini, ndipo ndi imene taika kwambiri. Sonos Port imayenera munthu amene ali kale ndi masipika a Sonos m'zipinda zina, koma nayonso ilibe Google Cast. Bluesound Node, ya kampani ya ku Canada, ndi yomangidwa bwino ndipo ina ili ndi HDMI yolumikizira TV, kungoti mtengo wake ungagule streamer ina, rauta ndi batire palimodzi, makamaka kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Nthawi zina munthu amabwera ndi Chromecast Audio, streamer yaing'ono ya Google, yotumizidwa ndi m'bale wake wa ku Johannesburg. Google inasiya kupanga kachipangizoka mu 2019, komabe kakakhala kamoyo timakalumikiza.

Magetsi akazima, kusiyana kwina kumaonekera. Ma WiiM awiriwa amayendera 5 V pa USB-C, moti power bank wamba imawakwanira, pamene Node imafuna magetsi a pakhoma kapena invata. Magetsi akabwera, streamer imadzuka msanga kuposa rauta, n'kupeza netiweki palibe, ndipo ina imatenga kanthawi isanayesenso, choncho timalangiza kuti rauta ikhale pa batire yakeyake. M'nyengo ya mvula ziphaliwali za m'mphepete mwa phiri zimatipatsa ntchito yambiri yokonza, ndipo nyumba iliyonse imene takokamo waya timaiikira choteteza zipangizo ku magetsi obwera mwamphamvu.

Chomaliza chimene timakambirana ndi kasitomala ndi bandulo, chifukwa ndi imene imadya ndalama mwezi ndi mwezi. Nyimbo ya mulingo wa 320 kbps (kuchuluka kwa data pa sekondi) imatha pafupifupi 144 MB pa ola, kutanthauza kuti malo odyera oimba maola asanu ndi atatu amapitirira 1 GB tsiku lililonse, ndipo nyimbo za mulingo wa CD nthawi zambiri zimadya kupitirira 300 MB pa ola. Pa chifukwachi, ndiponso popeza nyimbo zambiri zakale za kuno ndi za makwaya a m'mipingo sizipezeka pa intaneti, tayamba kusungira makasitomala nyimbo zawo pa kompyuta kapena hadi disiki ya pa netiweki ya m'nyumba, kuti streamer izizitenga kudzera pa DLNA, njira yogawana nyimbo pakati pa zipangizo za pa netiweki imodzi, popanda kukhudza bandulo. Mlamu wanga ndiye amagwira mbali imeneyi, kukopera ma CD a anthu ndi kulemba maina a nyimbo bwinobwino, ndipo pakali pano ali ndi katoni ya ma CD a kwaya ina ya ku Luchenza imene akuyembekezeka kumaliza mwezi uno usanathe.