Zikomo nonse amene munandichirikiza pa kafukufuku wa ku Lochinvar

Aphunzitsi a pa yunivesite ya Zambia (UNZA) avomereza kafukufuku wanga, digiri yachiwiri yatheka. Ndisanayambe chikondwerero, ndithokoze kaye.

Anzanga ambiri kuno ku Lusaka mwakhala mukundifunsa chimene ndinkasaka m'matope a ku Lochinvar, paki yosungira nyama zakutchire kum'mwera kwa Zambia. Ndinkatsata lechwe wa ku Kafue, nyama yonga gwape imene imadya msipu itaima m'madzi, ndipo kwawo n'kuchigwa cha Kafue Flats kokha basi. M'zaka za m'ma 1970 analipo pafupifupi 100,000, koma powawerenga mu 2015 sanafike 30,000. Opha nyama mozemba ali ndi mlandu wawo, inde. Komanso chimangireni madamu a Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi, madzi sasefukiranso ndi kuphwa pa nyengo yake, ndiye chitsamba chaminga cha Mimosa pigra, chochokera ku America, chinapezerapo mwayi n'kutseka msipu.

Kuthokoza kwanga kwakukulu kupite kwa abambo ndi amayi a m'midzi yozungulira pakiyo, amene amadula chitsambachi ndi zikwanje, minga ikuwang'amba manja. Ndinu munandionetsa kuti kudula kamodzi n'kungodzivuta, chifukwa njere zake zimayandama pamadzi ndipo zimakhala m'nthaka zaka zambiri zisanafe. Pamafunika kubwereranso, kuzula timphukira, mpaka udzu utagwira. Mapazi a lechwe pamalo olambulidwa munkawaona ndinu, ine ndikali kusuzumira pa GPS. Dzina pachikuto ndi langa, koma mutu wonse wachinayi ndi nzeru zanu. Chitonga changa chopotoka munachipirira, ngakhale munkaseka kumbali.

Achitetezo a zanyama a DNPW, nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, zikomo potiperekeza m'malo a mvuu.

Amayi anga, ndalama ya tomato ya pamsika wa Soweto ndi imene inkandikweza basi ya ku Monze, tauni ya kufupi ndi pakiyo, thandizo la sukulu litatha. Simunafunsepo kuti gwape wa m'madzi adzatidyetsa chiyani, ngakhale ndikudziwa kuti funsolo linalipo. Amalume a ku Chilenje, m'chilala cha 2024 magetsi atasowa, sola yanu ndiyo inayatsa kompyuta, ndipo azakhali sanadandaulepo za mlendo wogona pampando. Ambuye akudalitseni.

Madzi akaphwa ndibwerera ku Chunga, ku Lochinvar komweko, kukapereka zotsatira kwa eni ake, m'Chitonga, ndi wotanthauzira pambali. Achibale ndi anzanga, Loweruka lino nsima ndi nkhuku ya kumudzi zili kunyumba kwa Amayi, bwerani msanga.