Konveya ya power and free: momwe tcheni chimagwirira ndi kusiyira katundu

Pa konveya wamba yoyenda m'mwamba, katundu yense amamangiriridwa kutcheni. Tcheni chikayima, zonse zayima, ndipo chikayenda, zonse zimayenda pa liwiro limodzi. Konveya ya power and free inapangidwa kuti ithetse vuto limeneli. Tcheni chimazungulira osalekeza, koma chonyamulira chilichonse chimatha kuyima pachokha, kudikira pamzere, kapena kupatukira njira ina pomwe zinzake zikupitirira. N'chifukwa chake imapezeka kwambiri m'mafakitale opanga magalimoto ndi m'malo opaka penti, komwe gawo lina la ntchito limatenga mphindi 2, lina mphindi 20.

Njanji zimakhala ziwiri, ina pamwamba pa inzake. Yapamwamba ndi ya tcheni. Kawirikawiri imakhala I-beam (chitsulo chooneka ngati chilembo I ukachiyang'ana kumapeto) ya mainchi 3, 4 kapena 6, ndipo tcheni chimalendewera pa timatrolley ta mawilo awiri toyenda m'mphepete mwake. Yapansi ndi ya katundu: zitsulo ziwiri za channel zoyang'anizana, momwe mumayenda matrolley a chonyamulira. Njanji ziwirizi zimalumikizidwa ndi mafelemu otchedwa yoke, omwe ntchito yake ndi kusunga mpata wapakati pawo kuti usasinthe. Mpata umenewu muukumbukire, chifukwa mavuto ambiri amayambira pamenepo.

Tcheni chodziwika kwambiri ndi chija chopanda marivet, chomwe munthu amatha kuchimasula ndi manja chikakhala chokhwepa. Kampani ya Jervis B. Webb ya ku Michigan, yomwe inayamba mu 1919 ndipo inagulidwa ndi kampani ya ku Japan ya Daifuku mu 2007, ndi yomwe inachitchukitsa m'mafakitale a magalimoto. Manambala a tchenichi amanena kutalika kwa pitch, womwe ndi mtunda wochokera pa pin imodzi ya tcheni kufika pa yotsatira: X-348 ndi mainchi 3, X-458 ndi mainchi 4, X-678 ndi mainchi 6.

Pamtima pa makinawa pali tizitsulo tiwiri. Patcheni pamamangidwa pusher dog, kachitsulo kokankhira koyang'ana pansi, pa mtunda wofanana kuzungulira tcheni chonse. Pa trolley yakutsogolo ya chonyamulira pali dog ina yoyang'ana m'mwamba, yomwe imatha kukwera ndi kutsika. Ikakwera, pusher dog imaigunda kumbuyo n'kuyamba kukankha chonyamulira. Ikatsika, pusher dog imangodutsa pamwamba pake osakhudza kanthu, chonyamulira n'kutsala pomwepo. Kumbuyo kwake pang'ono kuli holdback dog, yomwe imagwada pusher dog ikamalowa, kenako n'kudzuka. Pusher dog imatsekeredwa pakati pa ziwirizi, moti potsetsereka katundu sangathawe n'kusiya tcheni m'mbuyo.

Kuyimika zonyamulira pamzere sikufuna magetsi kapena kompyuta, ndipo apa m'pamene luso la makinawa limaonekera. Trolley yakutsogolo ili ndi mkono wotulukira kutsogolo, wolumikizidwa ndi dog ija. Trolley yakumbuyo ili ndi kachitsulo kopendekeka ngati mchira. Chonyamulira chikafika pa chinzake chomwe chayima, mkono wake umakwera pamchira wa chakutsogolocho, ndipo kukwerako kumatsitsa dog. Chachitatu chimachita chimodzimodzi pa chachiwiri, mzere n'kumakula. Chakutsogolo chikangochoka, mkono wa chotsatira umagwa chifukwa cha kulemera kwake, dog imadzuka, ndipo pusher dog yoyamba kufika imachitenga. Choyimitsa choyambirira pamzerewo ndi sitopu: chitsulo chophwatalala chomwe silinda ya mpweya imachilowetsa pakati pa njanji ziwirizo kuti chipondereze dog pansi. Pamalo ogwirira ntchito pamawonjezedwa kachipangizo koletsa kubwerera m'mbuyo, apo ayi chonyamulira chimadumphira m'mbuyo chikagunda sitopu.

Katundu wamtali amalendewera pa chitsulo chotchedwa load bar cholumikiza matrolley awiri kapena kuposerapo. Utali wa chonyamulira, kuchokera kumkono mpaka kumchira, uyenera kuposa utali wa katundu weniweniyo limodzi ndi kugwedezeka kwake. Anthu ambiri amayeza katundu ali chiyimire, n'kuyiwala kuti akayima mwadzidzidzi amapendama, ndipo zitseko zopakidwa kumene penti zimagundana.

Kuchuluka kwa katundu wodutsa kumawerengedwa mophweka: liwiro la tcheni kugawa ndi mtunda wapakati pa mapusher dog. Pa X-458, dog imalowa m'malo mwa side link (linki ya m'mbali, yomwe imabwera mapitch awiri aliwonse), choncho mtundawo uyenera kukhala wogawika ndi mainchi 8. Tiyerekeze kuti ndi mainchi 96, pafupifupi mamita 2.44, ndipo tcheni chikuyenda mamita 6.1 pa mphindi. Ndiye kuti madog 2.5 amadutsa pa mphindi, 150 pa ola. Nambala imeneyi ndi denga chabe. Sitopu ikachedwa kutseguka ndi sekondi imodzi, dog yadutsa yopanda kanthu, ndipo chonyamulira chidikira masekondi ena 24. Wokonza mzere wanzeru sawerengera kuti dog iliyonse idzanyamula.

Popatuka pamakhala switch ya njanji yapansi, lilime lachitsulo lomwe silinda imalikankhira kumanzere kapena kumanja. Pophatikizana njira, lilimelo nthawi zambiri limakankhidwa ndi trolley yokha, koma pamafunika masitopu kunjira zonse ziwiri kuti zonyamulira zisafikire limodzi. PLC, kompyuta yoyendetsa makinawa, ndi yomwe imasankha, ikawerenga nambala ya chonyamulira pa RFID (kachizindikiro kowerengedwa ndi mafunde a wailesi) kapena barcode ndi kuona masensa. Malo ovuta kuposa onse ndi pomwe chonyamulira chikuchoka patcheni china kupita pa china. Tcheni choyamba chiyenera kuchikankha mpaka dog yake ifike pomwe tcheni chachiwiri chingaigwire. Chikasiyidwa pakati, chimakhala pamenepo mpaka chinzake chichigunde. Chikafika pa nthawi yolakwika, pusher dog yatsopano imatera pamutu pa dog m'malo molowa kumbuyo kwake, ndipo zitsulo zimapanikizana. Matcheni awiri oyenda pa liwiro losiyana ndi omwe amalola kuti katundu athamange m'njira zongodutsa koma ayende pang'onopang'ono mu uvuni, choncho malo amenewa sapeweka. Amangofunika kuwayeza bwino ndi kuwayendera pafupipafupi.

Tcheni chimakokedwa ndi mota ndi giyabokosi, kudzera pa sprocket, gudumu lalikulu la mano, pokhota kapena pa caterpillar drive panjira yowongoka. Caterpillar ndi katcheni kakafupi kokhala ndi mano olowa m'malinki a tcheni chachikulu, ndipo mbali ina kuli marola ochigwira kuti chisathawe manowo. Madrive ambiri amakhala pa felemu yoyenda pang'ono motsutsana ndi sipuling'i. Tcheni chikakodwa penapake, felemuyo imasuntha n'kugunda limit switch, mota n'kuzima. Ena amagwiritsa ntchito shear pin yomwe imaduka dala. Pin ikamaduka kawirikawiri, funani chomwe chikukola. Kuyikapo bawuti yolimba m'malo mwake ndi njira yachidule yodulira tcheni kapena kupindira njanji.

Take-up, chipangizo chokoka tcheni kuti chisakhwepe, imayikidwa kutsogolo pang'ono kwa drive, pomwe tcheni chimatuluka chili chokhwepa, makamaka pamalo otsika. Imakoka ndi sikuluwu, sipuling'i, cholemera kapena mpweya. Ikakhwepa kwambiri, malinki amaunjikana potuluka pa drive ndipo pin ya tcheni imatha kuvuka yokha. Ikamangitsa, mapin, mawilo ndi marola a pokhota amatha msanga, motanso n'kumakoka magetsi ochuluka popanda chifukwa.

Tcheni sichitamuka ngati labala. Chimatalika chifukwa mapin ndi malinki akudyana. Poyeza X-458, werengani mapitch 30 tcheni chili chokoka: chatsopano chimakwana pafupifupi mainchi 121, poti pitch yeniyeni imaposa mainchi 4 pang'ono. Lembani zomwe mwapeza mwezi ndi mwezi pamalo angapo, n'kuyerekeza ndi malire a wopanga. Chikatalika, mano a caterpillar salowanso bwino, take-up imafika kumapeto kwa njira yake, ndipo nthawi yofikira madog posinthira tcheni imasokonekera. Kudula malinki awiri kumabweza take-up, koma dziwani kuti mwafupikitsa mtunda wa madog pamalo amodzi.

Chonyamulira chikamasiyidwa panjira popanda sitopu, kapena chikamakana kumasuka pamzere, yambani ndi zinthu zitatu. Onani ngati nsonga ya dog yakhala yobulungira chifukwa chodyeka. Onani ngati mkono ukugwa wokha, chifukwa fumbi la penti ndi girizi wouma zimaugwira pakati. Kenako yezani mpata wa njanji ziwiri pamalopo. Yoke imodzi yopindika, kapena mphepete mwa I-beam yodyeka ndi mawilo, zimasintha mpatawo ndi mamilimita ochepa, ndipo ndi okwanira kuti dog iphonye. Pokwera ndi potsika, kuphonya kotereku n'koopsa, n'chifukwa chake pamayikidwa zogwira katundu wobwerera m'mbuyo kapena wothawa, ndipo mzere wodikira suyikidwa pamalo opendekeka.

Uvuni uli ndi zake. Chitsulo chimatalika pafupifupi mamilimita 0.012 pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Njanji ya mamita 30 yotenthedwa ndi madigiri 180 kuposa kunja imatalika pafupifupi mamilimita 65, ndipo popanda expansion joint, cholumikizira chosiya mpata woti njanji italikire, imapindika. Oyilo wamba amapsa n'kusanduka makala m'mabering'i, choncho pamafunika wopirira kutentha, wothiridwa ndi makina pamapin tcheni chitatuluka mu uvuni n'kuzizirako. Wochuluka amadonthera pakatundu, komanso amachititsa mawilo kutsetsereka m'malo mogudubuka, tcheni n'kumayenda modukizadukiza. Mafuta okhala ndi silikoni asayandikire n'komwe malo opakira penti, chifukwa amasiya timaenje papentiyo.

Musanalowetse dzanja pakati pa njanji, zimitsani mota ndi kukhoma loko pa switch yake, tulutsani mpweya wotsala m'masilinda, ndipo mangirirani chonyamulira chilichonse chomwe chili pamalo opendekeka. Mota ikazima, katundu wa makilogalamu mazanamazana amakhala akulendewerabe pa mawilo omwe amagudubuka ndi kukankha kwa dzanja limodzi.