Mpikisano wanga woyamba wa njinga wathera paphula

Lamlungu, usiku.

Ndikulemba ndi dzanja limodzi, chifukwa lamanzere alikulunga bandeji kuyambira pachigongono mpaka pachikhatho. Tulo takana. Ndikati ndigonere kumanzere, ntchafu ikuyaka ngati moto, ndiye ndaona kuti ndingolemba zonse zikadali m'mutu.

Ndinadzuka 4 koloko, alamu isanalire. Kwa miyezi 7 ndakhala ndikupalasa ndekha pafupifupi m'mawa uliwonse, ndipo ndinkadziwa kuti miyendo yanga yakhwima. Mpikisano wa gulu lathu la oyamba kumene unali wa makilomita 60, kuzungulira katatu msewu wa makilomita 20. Mtunda umenewo sunkandiopsa ngakhale pang'ono, poti ndaupalasa kambirimbiri. Ndinapopa matayala, kudzoza tcheni, kuyesa mabuleki kawiri, n'kunyamuka.

Pamalo oyambira tinalipo anthu ngati 40. Ndikulimbana ndi mapini kuti ndimate nambala pamalaya, bambo wina waimvi anandiyandikira. "Achimwene, nambalayo mwaimata molendewera, iziwuluka ndi mphepo. Tembenukani ndikukonzereni." Akukonza anandifunsa ngati kanali koyamba. Nditavomera anati, "Ndiye mumve ichi. Maso anu asakhale patayala la mnzanu, aziona kutsogolo kwa gulu. Ndipo tayala lanu lakutsogolo lisalowe m'mbali mwa tayala lake lakumbuyo. Likhale kumbuyo kwake basi." Ndinathokoza, koma mtima unali ukugunda kwambiri moti mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Titanyamuka, ndinaona chinthu chomwe sindinachionepo chiyambire kupalasa. Ndikakhala ndekha ndimayenda makilomita 28 pa ola, thukuta lili kamukamu. Lero kawotchi ka pachiwongolero kanaonetsa 38, koma miyendo inali yopepuka ngati wina akundikankha kumsana. Pamsewu wosakwera, mphamvu zambiri za wopalasa zimathera kukankha mphepo, osati kunyamula thupi kapena njinga. Ukabisala kumbuyo kwa mnzako, mphepoyo akuswa ndi iye, iwe n'kupulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zako. Ukakhala pakati penipeni pa gulu, umapulumutsa zoposa pamenepo. Ndinaziwerengapo zimenezi, koma kuzimva m'thupi n'kwina. Phokoso lake nalonso silichoka m'makutu mwanga: matcheni 40 ndi matayala 80 kulira limodzi paphula ngati njuchi zikusamuka. Makilomita 10 oyambawo ndinali wosangalala kuposa tsiku lina lililonse lomwe ndakhalapo pa njinga, ndipo kugwa kwabwera pambuyoku sikunafute zimenezo.

Mantha anandikhazika kumchira kwa gulu. Ndinkaganiza kuti kumeneko ndiye kotetezeka, osadziwa kuti ndiko kotopetsa koposa. Pokhota paliponse, akutsogolo amangochepetsa liwiro pang'ono n'kudutsa. Apakati amagwira mabuleki. Ife akumchira timatsala pang'ono kuima, kenako timadzuka pachishalo kuthamangitsa gulu lomwe lapita kale. Pokhota palipo 6 pa ulendo umodzi wozungulira, ndipo paliponse ndinkalipira ndi miyendo. Pomayamba ulendo wachiwiri ndinali wefuwefu, pomwe anthu omwe ndikudziwa kuti ndimawaposa mphamvu anali kucheza kutsogoloko, akumwa madzi mosatekeseka.

Ndiye ndinaganiza zosunthira kutsogolo. Ganizolo linali labwino, ndipo ndinakwanitsa kufika pakati. Koma titangokhota, mphepo inayamba kuwomba kuchokera kumanja, aliyense n'kuyamba kufuna pobisala kumanzere kwa mnzake. Inenso ndinadzipanikiza momwemo. Pang'onopang'ono tayala langa lakutsogolo linalowa m'mbali mwa tayala lakumbuyo la yemwe ndinkamutsatira, mwina ndi chikhatho chimodzi chokha. Maso anga anali pomwepo, patayalapo, moti kachitunda komwe kanali kutsogolo sindinakaone. Mnzangayo anadzuka pachishalo kuti akwere kachitundako. Munthu akadzuka chotero, njinga yake imabwerera m'mbuyo pang'ono ndiponso imagwedezekera uku ndi uku. Sanalakwitse kanthu. Tayala lake linangokhudza langa, n'kumveka kaphokoso ka mphira pa mphira.

Ndakhala ndikuganizira kamphindi kameneko madzulo onse. Njinga imaima chilili chifukwa tayala lakutsogolo limakhotera komwe thupi lapendekera, mobwerezabwereza, wopalasa osazindikira n'komwe. Langa linafuna kukhotera kumanja kuti lindigwire, koma kumanjako kunali tayala la mnzanga. Linasowa kolowera. Ndinakokera chiwongolero kumanzere mwamphamvu, ndipo njinga inandichoka. Iye wakutsogoloyo mwina sanamve n'komwe, poti tayala lakumbuyo silikhota ndipo ndi lomwe limasenza thupi. Matayala akakhudzana chotere, wogwa amakhala wakumbuyo.

Khu! Chiuno, chigongono, phewa, kenako mutu. Ndinakhwekhwereka paphula mtunda womwe unaoneka ngati sutha. Ndinamva mabuleki akulira, anthu akukuwa, kenako chinthu cholemera chinandigunda kumiyendo. Anali mnyamata wina yemwe anali kumbuyo kwanga. Analibe kothawira, anakwera njinga yanga n'kuuluka pamwamba pa chiwongolero.

Pa zonse za lero, chimenechi ndicho chikundipweteka kuposa mabala. Mnyamatayo anapalasa bwino, anasunga mzere wake, koma mpikisano wake unathera pomwepo chifukwa cha ine. Tayala lake lakutsogolo linapindika moti silikanazunguliranso. Ndinayesa kudzuka kuti ndipepese, koma iye ndi amene anayamba kufika pomwe ndinali, bondo likuchucha magazi. "Achimwene, musadzuke msanga. Khalani kaye. Mutu ukupweteka?" Anakokera njinga zonse ziwiri kumbali kwa msewu kuti otsalira m'mbuyo asazigunde. Ndinamuuza kuti pepani, cholakwa ndi changa. Anangoti, "Zimachitika. Chachikulu tonse tikuyankhula." Misozi inalengeza m'maso mwanga.

Achithandizo choyamba anafika posakhalitsa. Mayi wina anandifunsa dzina langa, tsiku la lero, ndi zomwe ndikukumbuka. Anasisita fupa lochoka pakhosi kupita paphewa, lomwe opalasa njinga amathyola kawirikawiri akagwera paphewa kapena akatchinjiriza ndi dzanja. Langa ndi lamphumphu. Kenako anatsuka mabala. Kugwa kwenikweniko sikunapweteke ngati kutsukako, chifukwa timiyala ndi mchenga zonse ziyenera kuchoka, apo ayi bala limatukusira. Ndinaluma mano mpaka anamaliza. Anandifunsa za katemera wa kafumbata, n'kundichenjeza kuti ndikayamba kusanza, kumva chizungulire, kusokonezeka maganizo, kapena mutu ukamapwetekerapwetekera, ndithamangire kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Anatinso ndisagone ndekha m'nyumba lero, ndiye mlongo wanga wabwera ndipo akumandisuzumira pafupipafupi.

Chipewa chotetezera mutu ndinachiona bwino nditafika kunyumba. Kunja chili ndi timikwingwirima chabe, koma m'kati chang'ambika kumanzere, pamwamba pa khutu, mng'alu wautali ngati chala. Ndinakhala nacho m'manja nthawi yaitali. Ndinakumbuka Andrei Kivilev wa ku Kazakhstan, yemwe anagwa pa mpikisano wa njinga wa Paris-Nice ku France mu 2003 alibe chipewa, n'kumwalira ndi kuvulala kwa m'mutu. Chaka chomwecho bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, linalamula kuti akatswiri azivala zipewa pa mipikisano. Iye anali katswiri, wodziwa njinga kuposa momwe ine ndidzaidziwire. Chipewa changachi sindichivalanso. Zam'kati mwake zimaphwanyika kamodzi kokha kuti mutu usaphwanyike, ndipo chikatero ntchito yake yatha ngakhale kunja chikuoneka chabwino.

Njinga yavulala pang'ono kuposa momwe ndinkaopera. Chiwongolero chapotoka, sipoko imodzi yaduka, tayala lakutsogolo likuyenda mopepesuka, ndipo kachitsulo kogwira chosinthira magiya kapindikira m'kati. Zonsezo zimakonzeka.

Sindinachoke mpikisano usanathe. Ndinakhala m'mbali mwa msewu pafupi ndi pothera, ndikuonerera gulu likudutsa ulendo womaliza. Ndinkayang'ana odziwa aja. Mapewa awo ndi omasuka, zigongono zopindika pang'ono, mitu ili m'mwamba. Sagwira mabuleki mwadzidzidzi. Akafuna kuchepetsa liwiro amangosiya kupalasa kapena kutulukira pang'ono mumphepo. Amalozerana maenje ndi chala. Wina akafuna kudutsa amayika dzanja pang'ono pamsana pa mnzake. Miyezi 7 yonse ija ndinaphunzitsa miyendo ndi mapapo, koma sindinapalasepo ngakhale tsiku limodzi munthu ali kutsogolo kwanga, wina kumbuyo, wina m'mbali. Ndinalowa pakati pa anthu 40 ndisanaphunzire kuyenda ndi anthu awiri, ndipo wolipira sanali ine ndekha.

Bambo waimvi uja anamaliza ali m'gulu lakutsogolo. Atandiona ndi mabandeji anabwera, n'kukhala pansi pambali panga. Za malangizo a m'mawa aja sanazitchule. Anandifunsa momwe zinachitikira, ndinafotokoza, anagwedeza mutu. Kenako anati Loweruka lililonse amapalasa ndi anzake ochepa, mosathamanga, ndipo atsopano amayamba nawo pabwalo la udzu. Kumeneko amaphunzira kugundana mapewa ndi kukhudzitsa matayala mwadala, paliwiro lochepa, kuti thupi lizolowere kusadzidzimuka. "Mabala akapola mubwere, achimwene. Musadikire kuti mantha athe kaye, satha muli pakhomo."

Ndamuuza kuti ndibwera. Mawa ndipita ndi njinga kwa okonza, koma ndiyamba ndaimbira mnyamata uja. Tinapatsana manambala tisanasiyane, ndipo ndikufuna kumva za bondo lake ndi kumuuza kuti tayala lake ndikonzetsa ndine.